Baibulo Langa Limanunkha Utaka

Amene simunapondeko pa Mbenji ndikulongosolereni kaye. Mbenji ndi chilumba cha pa nyanja yathu ya Malawi, m'boma la Salima, m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira. Makanjira wake wa kuno, osati wa ku Mangochi. Mukafika pa dooko la Chikombe mumakwera boti, ndipo uko kukuoneka miyala uko ndiye kuntchito kwathu. Utaka wa kumeneko ndi wosayamba, ndipo chinsinsi chake ndi malamulo amene mafumu anakhazikitsa m'zaka za m'ma 1950: mowa ayi, chamba ayi, juga ayi, amayi sapondako, ndipo Disembala akakwana aliyense amapakira katundu, chilumba n'kutsekedwa mpaka Epulo.

Tsono taganizani. Bambo wa ana asanu, mkulu wa mpingo, ali pamalo popanda mowa, popanda juga, popanda womupempha ya mchere ndi ya chigayo. Mwera ukaomba masiku atatu, maboti onse ali pamtunda, munthu ameneyu atani? Amawerenga. Umu ndi mmene ine ndinasandukira katswiri wa nkhani za banja. Ndinaziphunzirira pamalo pomwe palibe banja ndi limodzi lomwe. Mayeso ake amandidikira kumtunda, ndipo wochonga ndi mayi a kunyumba.

Laibulale ya m'chigoba

Mabuku anga amakhala m'chigoba cha penti, okutidwa m'majumbo awiri kuopa mafunde. Muli Buku Lopatulika, Nyimbo za Mulungu ndi Mlozo wa chaka chino, ndipo munkakhalanso Kukula ndi Mwambo la John Gwengwe. Pomwe ndalekezera ndimapanikizapo chilichonse chimene dzanja lagwira.

Lamulungu lina nditaolokera kumtunda ndinakhala kutsogolo, pa benchi la akulu a mpingo. Ulaliki uli mkati, mphaka wa kunyumba kwa abusa analowa. Anadutsa amayi a Chigwirizano, anadutsa kwaya, n'kudzakhala pamapazi panga, maso ali dwii pa Baibulo langa.

Abusa anaima nati, "Abale ndi alongo, taonani! Ngakhale mphaka ali ndi njala ya Mawu."

Mpingo wonse: "Ameni!"

Atatiuza kuti titsegule Yeremiya, ndinatsegula, kautaka kouma n'kugwa pansi. Mphaka anakatola n'kutuluka, osadikira ngakhale mdalitso.

Zaka 40 m'chipululu

Baibulo lili ndi mabuku 66 ndi machaputala 1,189. Ndinawerengetsa ndekha kuseri kwa kope la ngongole: atatu pa tsiku, asanu Lamulungu, chaka chikamatha walimaliza. Januwale aliyense ndimayamba ndi mphamvu. Genesis ndimamudula ngati boti la injini yatsopano. Eksodo chimodzimodzi, makamaka pa nyanja yogawanika paja, ngakhale asodzife timangodandaula kuti nsomba zimene zinatsala poyera palibe anazitola. Pa Levitiko injini imayamba kutsokomola. Pofika pa Numeri, pamene akuwerenga mafuko limodzilimodzi, mafuta atha, ndikupalasa ndi nkhafi, kenaka tulo.

Chaka chino pa 1 Januwale ndinalengezanso kuti ulendo uno ndimaliza. Mayi anali akupeta mpunga, ndipo sanadzutse mutu.

"Bambo, Aisraele aja anatha zaka zingati m'chipululu?"

"Zaka 40."

"Ndiye musataye mtima. Inu mwatha 12 zokha. Zatsala 28 kuti muonane ndi Yoswa."

Kampango wa m'Levitiko

Ku Levitiko komweko, chaputala 11, ndinakumana ndi lamulo loletsa kudya za m'madzi zopanda zipsepse ndi mamba. Thupi linachita tsembwe. Mlamba alibe mamba. Kampango alibe. Bombe alibe. Nditafika kumudzi ndinasonkhanitsa banja lonse pakhonde n'kulamula kuti nsomba zimenezi zisalowenso m'nyumba mwanga.

Mayi anati, "Tamva, bambo. Koma ife tikadali makanda pa chikhulupiriro. Tsogolani inu, tikupezani."

Tsiku lomwelo anaphika mutu wa kampango, wothira tomato ndi tsabola wa kambuzi, fungo mpaka kwa aneba. Ine anandipakulira chisoso chopanda nsinjiro. M'mawa mwake mlamba wowamba wotendera, ine chisoso chotsala dzulo. Tsiku lachitatu ndinapezeka ndili ku Machitidwe chaputala 10, pamene Petro anaona chinsalu chodzaza nyama zamitundumitundu chikutsika kumwamba. Ndinafotokozera banja mwachifatse kuti pangano latsopano linatimasula.

Mayi, akundigawira mutu, anati, "Zaka 12 osafika kwa Yoswa, koma kampango wakuolotsani mpaka ku Machitidwe masiku atatu okha. Njala ndi injini yabwino."

Pakona ya denga

Buku la Miyambo lili ndi machaputala 31, ndiye ine ndimatenga limodzi pa tsiku, molingana ndi deti. Pa 21 Januwale tinasemphana Chichewa ndi mayi chifukwa ndalama ina ya feteleza ndinagulira magalasi owerengera. Madzulo pa mapemphero ndinatsegula chaputala cha tsikulo, n'kuwerenga vesi 9 mokweza ndi mochedwetsa, lija lolangiza mwamuna wa mkazi wolongolola kuti akadzipezere malo padenga. Potseka ndinati, "Ndi mawu a tsiku la lero. Si ine ndasankha."

Mayi anati "Ameni" mokweza kuposa tonse.

Kutacha ndinapeza makwerero atatsamira khoma, pansi pake pali mitolo iwiri ya udzu, pulasitiki ndi luzi.

"Poti mukusamukira kumeneko, bambo, yambirani pakona ya kuchipinda kwa ana. Pakhala pakudontha kuyambira Khirisimasi."

Ndinaswera padenga. Malemba anakwaniritsidwa.

Inki inathera pa 24

Pa Aefeso chaputala 5 pali mavesi atatu, 22 mpaka 24, olangiza akazi kumvera amuna awo. Amenewa ndinawadulira mzere ndi bolopeni yofiira ndili pa chilumba, rula yake inali mpeni wotumbulira nsomba. Usiku wina maso akundiwawa, ndinapatsa mtsikana wathu wa Sitandade 6 kuti atiwerengere. Anawerenga bwinobwino mpaka 24, ine ndikugwedeza mutu, ndikuponya diso kwa mayi. Koma mwanayo sanaime. Analowa vesi 25, lija lolamula amuna kukonda akazi awo mpaka kuwatayira moyo.

Kenaka anayandikitsa buku ku nyali.

"Ababa, apa simunadule mzere. Bolopeni inatha inki?"

"Inagwera m'nyanja, mwanawe. Tiyeni tiimbe."

Mawa lake mayi pobwera kumsika ananditambasulira bolopeni yofiira yatsopano, atagwada mwaulemu wonse.

"Ndakugulirani, bambo. Iyi muimangirire chingwe."

Ndalama m'kamwa mwa nsomba

Ndinawerengera ana nkhani ya pa Mateyu 17, pamene Petro anatumidwa kukaponya mbedza, n'kupeza ndalama ya msonkho m'kamwa mwa nsomba. Mzime wathu wa zaka 6 anamvetsera kukamwa kuli yasa. M'mawa tinamupeza atakhala pafupi ndi beseni la nsomba zaziwisi, akuyasamitsa imodziimodzi.

"Ukutani iwe?"

"Ndikufuna ya yunifolomu."

Ndalama sanaipeze, koma m'kamwa mwa imodzi anapeza timazira tachikasu. Apa ndiye ndinavala uphunzitsi. Ndinamuuza kuti chambo, utaka ndi mbuna zimalerera m'kamwa. Mayi amasunga mazira momwemo mpaka aswe, masiku onsewo osadya kwenikweni, ndipo tiana tikaona choopsa timathawiranso m'kamwa mwa mayi wawo. Ukagwira nsomba imodzi yotere wapha mudzi wonse. N'chifukwa chake mafumu amatseka chilumba, kuti nsomba ziswane mwamtendere.

Mwana anaganiza pang'ono.

"Nanga bambo wa nsombayo amakhala kuti?"

Yankho ndinali nalo: yamphongo ya chambo imakumba chisa pamchenga, ikatero ntchito yake yatha. Koma ndisanatsegule pakamwa, mawu anachokera kukhitchini.

"Amakhala pa Mbenji, akuwerenga."

Anawerenga ndani?

Madzulo ena pamsasa ndinawerengera alovi anzanga, ife ogwira ntchito m'boti, Yohane 21. Ophunzira anachezera usiku wonse osapha kanthu, zomwe aliyense wa ife amazidziwa kuwawa kwake, kenaka m'mawa anakokera kumtunda nsomba zikuluzikulu 153.

Mnyamata wina anandidula. "Akulu a mpingo, taimani. Ambuye auka kwa akufa, aima pagombe, moto wayaka kale, koma munthu wina ali kalikiliki kuwerenga nsomba. Ameneyo anali ndani?"

Wina anati, "Mwini ukonde, nanga ndani?"

Mkulu wina amene wakalambira pa ukonde wa chilimira anapukusa mutu. "Ayi. Ameneyo anali mlovi ngati ife. Mwini ukonde akanati nsomba zinali 100 ndendende. 53 zinazo ndi za mafuta."

Mwini boti lathu anali pomwepo. Anangoti tiyeni tipemphere.

Yona ali m'boti muno

M'boti mwathu muli Akhristu ndi Asilamu, ndipo Yona timagawana. Anzathu amamutcha Yunusu, ndipo m'Korani muli sura ya dzina lake. Julaye wina mwera unatipeza tikuchokera ku chirundu komwe timaphako utaka, mafunde ngati zulu, madzi kulowa mbali zonse. Tikukapa ndi zigoba, wina anakuwa kuti, "Muno muli Yona! Ndani akuthawa?"

Woyamba anaulula kuti anathawa wa katapila. Wachiwiri anathawa ankhoswe amene anamuitanira mlandu Loweruka. Kenaka maso onse anatembenukira kwa ine. Imfa ili pafupi munthu sanama. Ndinavomera kuti apongozi aakazi anabwera kudzacheza sabata yathunthu, ine n'kunamizira kuti mwini boti wandiitana mwadzidzidzi.

Achimwene achisilamu amene anagwira injini sanaseke n'komwe.

"Ameneyu musamuponye. M'nyanja muno mulibe nsomba yoti im'meze. Ndipo itapezeka, ikamulavulira pakhomo pa apongozi ake pomwepo."

Mphepo itagwa ndinaoloka ndekha, ndi kampango wamkulu m'manja, kukapepesa ku Nineve.

Cimanga

Buku Lopatulika linatuluka mu 1922, ndipo ntchito yomasulira anaitsogolera William Murray, yambiri inachitikira pa phiri la Kaso ku Mvera, pamsewu wathu womwewu wochoka ku Salima kupita ku Lilongwe. Akatolika anatulutsa Malembo Oyera mu 1966, ndipo mu 1998 kunabwera Buku Loyera la Chichewa cha masiku ano. Langa ndi lija loyamba, losiyiridwa ndi malemu bambo anga, la kalembedwe kakale komwe "c" amayenda yekha wopanda "h".

Mnyamata wathu wachitatu anaphunzirira kuwerenga m'buku limeneli. Kusukulu atawalembetsa mawu, iye analemba "cimanga", "cule", "cakudya". Aphunzitsi anathetha zonse. Mwana anaimirira.

"Aphunzitsi, m'Baibulo mwa ababa amalemba chonchi. Ndiye mukutsutsa Baibulo?"

Madzulo anabwera ndi kakalata: "Bambo, mwana wanuyu kumwamba akalowa ndithu, koma Sitandade 4 salowa. Chonde m'gulireni Buku Loyera."

Salimo la njala

Kwathu nsima sitidya tisanawerenge Mawu. Tsiku lina ana atandikwiyitsa, ndinasankha Salimo 119, lalitali kuposa chaputala chilichonse m'Baibulo, mavesi 176. Tinayamba nsima ikufuka nthunzi. Pofika vesi 60 inali itachita chikoko. Pofika 120 mzime anali atagona, chala chili m'mbale ya ndiwo. Pomaliza, mtanda unali woti ukagenda galu sabweranso.

Mayi anakhazikitsa lamulo pomwepo: wosankha salimo ndiye wotenthetsa ndiwo.

Mawa lake chisamba chathu chinadzipereka.

"Ababa, mwatopa. Lero ndisankhe ine."

Mtima unakhala m'malo kuti mwana wakula mu uzimu. Anatsegula Salimo 117. Mavesi awiri. Ndisanakonze magalasi pamphuno, anthu anali atasamba kale m'manja. Kuyambira pamenepo, ukafunsa ana anga salimo lomwe amalikonda, onse asanu amayankha mofanana.

Chikondi cha pamwala

Nditapita ku Lilongwe kukagula zipangizo za injini, ndinalowa m'sitolo ya mabuku achikhristu n'kugula kabuku ka malangizo a banja. Pa chilumba ndinakawerenga kawiri. Kanati mwamuna aziuza mkazi wake tsiku ndi tsiku kuti amamukonda. Zaka 19 m'banja, mawu amenewa anali asanatulukepo m'kamwa mwanga. Ife kwathu chikondi timachinena ndi chitenje ndi mutu wa nsomba.

Ndinakwera pamwala pomwe netiweki imagwira, n'kuimba.

"Amayi, ndimati ndikuuzeni kuti ndimakukondani."

Zii.

"Halo?"

"Bambo, boti lamira?"

"Ayi."

"Akugwirani ndi mowa pa chilumba?"

"Ayi, amayi."

"Ndiye mwakongola kwa ndani, ndipo ndi zingati?"

Ndinafotokoza za kabuku kaja. Anaseka mpaka mayunitsi anga kutsala pang'ono kutha. Pomaliza anati, "Zikomo, bambo, ndamva ndipo ndakondwa. Koma mawa mukamakwera pamwalapo mutumizenso ya sopo pa foni. Chikondi chimamveka bwino zovala zili zoyera."

Koma ndikuuzeni chinsinsi. Tsiku lina ndinaiwala kuimba. Usiku foni inalira: "Bambo, lero mwala uja waterera?"

Nthondo anathera mu utsi

Buku limene ndinkalinyadira kwambiri ndi Nthondo, lolembedwa ndi Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma. Linatuluka mu 1933 litapambana pa mpikisano wa mabuku a zinenero za mu Africa, ndipo T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi. Ndinalipeza pa kaunjika wa mabuku, lachikasu ngati tsamba la fodya. Kufanana kumeneku ndiye kunandipweteketsa.

Ndinalisiya kumudzi nditatsala ndi masamba khumi. Pobwera ndinapeza chikuto chakumbuyo chili pululu, masamba aja palibe. Ana anakana. Mayi anangoloza ndi mlomo kumthunzi wa mango, komwe apongozi aamuna anakhala pampando wa ndalema, akupichira chingambwe m'pepala looneka lodziwika.

Mkamwini sakalipira apongozi, makamaka pamene munda ukulimawo ndi wawo. Ndinanjuta chapatali, n'kuomba m'manja.

"Bambo, pepani, kapena mwaonako mmene nkhani ya Nthondo inathera?"

Anakoka utsi, n'kuutulutsa pang'onopang'ono.

"Akamwini, munthu ameneyu anatha bwino kwambiri. Samakakamira pakhosi ngati wa m'nyuzipepala."

Masanje

Disembala wathayu chilumba chitatsekedwa ndinabwerera kumudzi ndi chigoba changa cha mabuku. Masana ena ndili pakhonde ndinamva ana akusewera masanje kuseri kwa nkhokwe. Anagawana maudindo. Wina mayi, akuphika dothi m'chitini. Wina mwana wodwala. Wina mbuzi. Mzime wathu anasankhidwa kukhala bambo.

Ndinasuzumira kuti ndione mmene ndimaonekera. Mwana anakhala pa njerwa, anapinda waya kukhala magalasi, anagwira chikatoni cha sopo chozondoka. "Mayi" anabwera kudzanena kuti mwana watentha thupi. "Mbuzi" inalowa m'munda. "Mwana" analira. Bambo uja osatembenuka, anangokweza dzanja.

"Musandisokoneze. Ndikuwerenga za mmene mungasamalire banja."

Anzake anagwa nacho chikhakhali. Ine ndinaseka nawo, koma kuseka kwake kunathera pakhosi. Mwanayo sanawonjezere kanthu. Ngakhale kakwezedwe ka dzanja kanali kanga.

Usiku umenewo ndinaganiza za nzeru za mafumu a ku Chikombe. Utaka ndi wabwino, koma anaona kuti nyanja yosapumitsa imatha, ndiye anaika nyengo yotseka, nsomba ziswane, amuna akalime ndi kuonekera pamakomo pawo. Inenso ndaika yanga. Ana akaweruka kusukulu, chigoba chimatsekedwa mpaka titadya mgonero. Wopezeka ndi buku nthawi imeneyi amalipira chindapusa chotsuka mbale, ndipo mpaka lero wolipira ndi mmodzi yekha, katatu.

Abambo anzanga a pa Mbenji, a ku Senga Bay, a ku Lifuwu ndi kwina konse, werengani ndithu, musaleke. Pa chilumba nthawi ilipo, ndipo bambo wowerenga saona mwera kutalika. Koma mukaoloka, vesi limodzi lokha mulichite ndi manja: folerani pakona podontha, tengani khasu, funsani mwana zimene waphunzira lero. M'mera mpoyamba, ndipo ana amaloweza zochita zathu msanga kuposa vesi la pamtima.

Pomaliza, inu achimwene amene munabwereka Kukula ndi Mwambo langa pamsasa chaka chatha, ndikukudziwani. Epulo akubwerayu tikakumana pa dooko la Chikombe tsiku lotsegulira chilumba. Mubwere nalo, masamba onse ali momwemo.